Sabata ya duty: kodi belu ndi la okhala pasukulu okha?

Mphunzitsi wa ku Jali: Mwaswera bwanji aphunzitsi anzanga. Safunsa anadya phula, ndiye ndabwera. Ahedi andipatsa ntchito yokonza duty roster, ndandanda wa aphunzitsi oyang'anira sukulu sabata iliyonse, ya teremu yachiwiri ino. Pasukulu pathu tilipo aphunzitsi 14 koma nyumba ndi 5 zokha. Enawo amachokera kutali, awiri mpaka ku tawuni. Teremu yatha roster inalipo, yomatidwa bwinobwino pachitseko cha ofesi, koma otsekula makalasi, oyang'anira kusesa ndi oimba belu anali anthu omwewo okhala pasukulu, sabata ndi sabata. Mwini duty amatulukira asembule ili pa nyimbo ya fuko. Lachisanu pamsonkhano mawu anakwera mpaka madam ena anatuluka. Ine ndine wamng'ono pa onsewa, chaka chachitatu pantchito. Ndigawe bwanji osadana ndi anthu? Komanso kwanuko ntchito ya wa duty imayambira pati n'kuthera pati?

Deputy wa ku Chingale: Ahedi anuwo ndi ochenjera. Roster ndi ntchito ya achiwiri awo kapena iwo eni. Akufuna wodzatukwanidwa mukhale inu.

Mphunzitsi wa ku Jali: Achiwiri ali ku tchuthi cha uchembere, akulu. Ndiye zagwera ine.

Madam a Sitandade 1: Ndikuyankheni funso lachiwirilo, poti ine ndimakhala pasukulu ndipo duty ndaidya mokwanira. Isanakwane 6 koloko ndakatenga kale makiyi kwa alonda. Choyamba si belu ayi, ndi zimbudzi. Kukasuzumira ngati odutsa usiku sanaonongemo, kutuma ana amene ali pa ndandanda akatunge madzi ku mjigo, atsuke, athire phulusa. Zigubu za mpondagiya zidzazidwe. Ndikatero ndipite pabwalo. Kalasi iliyonse ili ndi dera lake losesa, koma mukapanda kuima pomwepo mwana amangokankhira zinyalala kudera la mnzake n'kuthawa. Nyengo ino ya mvula palinso kutchetcha, ndipo zikwakwa muziwerenge potulutsa, muziwerengenso pobweza, chifukwa chikwakwa chikalowa m'mudzi sichibwerera. Belu lathu ndi limu ya galimoto yopachika mumtengo wa mango, chomenyera chake ndi kachitsulo kamene ndimasunga m'thumba chifukwa ana anaimbapo belu lowerukira nthawi ya 9 koloko. Asembule: pemphero, nyimbo ya fuko, zolengeza, kuona zikhadabo ndi tsitsi. Anzanga akamalowa m'kalasi ali ndi mphamvu zawo zonse, ine ndatha kale mawu, ndipo ndi pamene ndikukayamba ndi ana 140 okhala pansi. Wina akulira amayi ake, wina wadzikodzera, wina pensulo yake yagwera m'chimbudzi. Ndiye munthu wina azidzati duty ndi kuimba belu basi.

Madam a Sitandade 1: Ndayiwala buleki. Pamene ena akumwa tiyi pansi pa mtengo, wa duty ali kumsewu kuyang'ana ana asawoloke mwachisawawa, akuleretsa ndewu za mpira wachikulunga, akuona zimene amayi a zigumu ndi zitumbuwa akugulitsa ngati n'zovindikira. Nthawi ya kolera ija, kumayambiriro kwa 2023, ine ndi amene ndinkathamangitsa ogulitsa zophikaphika, mpaka lero ena sandipatsa moni kumsika.

Sir wa ku Matawale: Ndaona kuti mlandu ukulunjika kwa ife oyenda pamsewu, ndiye ndiyankhepo. Madam, palibe amene amakonda kudzuka 4 koloko. Ine ndimapalasa njinga mtunda wautali, phula likatha ndimalowa msewu wadothi. Mvula ikagwa usiku matope amamata m'matayala, njinga ndimachita kuinyamula paphewa. Tsiku limene Likangala wadzaza ndimazungulira, ndipo ndikati ndikwere kabaza wa njinga yamoto ndalama yake tsiku limodzi ndi ya ndiwo za masiku atatu. Inu a m'nyumba za sukulu lendi yanu ndi yochepa, ena simulipira n'komwe, madzi muli nawo pakhomo. Ine ndimalipira lendi ku tawuni chifukwa pafupi ndi sukulu palibe nyumba yochita lendi imene ili ndi chitseko chotsekeka. Ndipatseni nyumbayo, belu ndiziimba ine chaka chonse.

Madam a Sitandade 1: Nyumba imene mukuisirirayo bwerani mudzaione ikamagwa mvula. Mabeseni anayi pabalaza. Komanso kukhala pasukulu ndiye kuti suweruka. Loweruka kholo likugogoda kufuna transfer ya mwana. Usiku alonda akamva kaphokoso amadzutsa ine. Mbuzi za m'mudzi zikalowa m'dimba la sukulu Lamulungu, wothamangitsa ndine, nditavala zakutchalitchi.

Sir wa ku Matawale: Walira mvula walira matope, madam.

Madam a Sitandade 1: Ine sindinalire mvula, anachita kundituma kuno.

Agogo Opuma a ku Domasi: Ana anga, ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. Ndinapuma ntchito nditakhala mphunzitsi wamkulu zaka zambiri, ndipo mkangano uwu ndi wakale kuposa ena a inu. Muzu wake ndi nyumba, osati ulesi wa munthu. M'chaka cha 1994, maphunziro a pulayimale atakhala aulere, ana m'dziko muno anachoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni n'kufika cha m'ma 3 miliyoni chaka chimodzi chokha. Ndikukumbukira m'mawa wa tsiku lotsekulira: bwalo lonse mitu yokhayokha, ena anyamata a ndevu kudzalembetsa sitandade 1. Boma linalemba aphunzitsi masauzande ambiri osaphunzira ntchito, amene pambuyo pake anadzaphunzitsidwa kudzera mu pulogalamu ya MIITEP yowaphunzitsa ali kale pantchito. Aphunzitsi anachuluka, ana anachuluka, koma nyumba zinatsala zomwe zija zimene anamanga amishoni. Kuyambira pamenepo mpamene tinayamba kukhala ndi magulu awiri pasukulu imodzi, apakhomo ndi apamsewu.

Chimene ndinkachita ine ndi ichi. Sindinkaika munthu mmodzi pa duty. Ndinkaika awiri, wapakhomo ndi wapamsewu. Wapakhomo atenge m'mawa mpaka asembule ithe. Wapamsewu atenge kuyambira buleki: belu la mapiriyodi, ochedwa, odwala, kutseka mawindo, kuwerenga madesiki, kubweza makiyi kwa alonda. Iyeyo ndiye womaliza kuchoka pasukulu, ngakhale kumwamba kutachita mdima. Mukatero wapakhomo amapita kukaphika nsima nthawi yabwino, wapamsewu sachita manyazi ndi kuchedwa. Ndipo zonse zilembedwe. Buku la duty likhale ndi tsiku, ana amene abwera, aphunzitsi amene sanabwere, chachitika n'chiyani, wasayina ndani. Pakamwa pokha mudzakangana mpaka Julayi.

Mphunzitsi wa ku Jali: Zikomo kwambiri agogo, izi ndalemba. Koma apakhomo ndi 5, apamsewu 9. Ndiye kuti apakhomo azibwera pa roster kawiri pamene ena kamodzi.

Agogo Opuma a ku Domasi: Mwa 9 amenewo si onse ochokera ku Matawale. Alipo okhala m'mudzi momwemo, oyenda mphindi 20 wapansi. Amenewo ndi apakhomo, asakunamizeni.

Mphunzitsi wa ku Jali: Kkkk alipodi atatu. Mmodzi ndi amene amachedwa kuposa a ku tawuni.

Deputy wa ku Chingale: Ameneyo mankhwala ake ndi time book, buku limene aphunzitsi amasayinamo nthawi yofika. Kwathu ikakwana nthawi ndimajambula mzere wofiira pansi pa dzina lomaliza, wobwera pambuyo asayine kunsi kwa mzere. Poyamba ankalemba nthawi yabodza, munthu wafika 8 koloko n'kulemba 6:55 pansi pa mnzake amene walemba 7:20. Mzere wofiira unathetsa zimenezo. Koma aphunzitsi a ku Jali, musaiwale kuti duty ndi kachigawo chabe. Mphunzitsi aliyense, wa duty kapena ayi, ali ndi zake za tsiku ndi tsiku: kuitana rejisitala, lesoni pulani ya phunziro lililonse, kuchonga makope, kulemba records of work kumapeto a sabata, progress book. Sikimu, ndondomeko ya zophunzitsa teremu yonse, ikhale itatha teremu isanayambe, mkulu wa section aione, ahedi asayine. A PEA, alangizi a maphunziro a m'zoni, akatulukira pa njinga yamoto safunsa kuti munatsuka zimbudzi zingati. Amafunsa mapepala amenewa.

Wa Sitandade 5 ku Songani: Pamenepo mwakhudza pachilonda. Piriyodi ndi mphindi 35. Kalasi ndili ndekha, maphunziro onse ndine: Chichewa, Chingerezi, masamu, sayansi, ulimi, social, life skills, expressive arts, Baibulo. Lesoni pulani iliyonse tsamba lathunthu. Ndikaweruka ndili ndi mulu wa makope 110 a masamu okha. Ndichonge kapena ndilembe mapulani a mawa? Kunena zoona ndimachonga mzere umodzi lero, mzere wina mawa, otsalawo asinthane makope achongane okha ine ndikulemba mayankho pabolodi. Boma limanena kuti mphunzitsi mmodzi akhale ndi ana 60. Atandipatsa 60 ndingamawadziwe ndi mayina a agogo awo omwe.

Madam a Sitandade 1: Ife a NRP, pulogalamu ya boma yophunzitsa ana kuwerenga, zinatipepukirako pang'ono. Chiyambireni 2016 buku la mphunzitsi la Chichewa ndi Chingerezi, sitandade 1 mpaka 4, lili ndi phunziro lonse lolembedwa kale: ayambe mphunzitsi, kenako tonse pamodzi, kenako ana paokha. Vuto ndi gawo lomalizalo. Ana paokha, iwe n'kumayendera kuona amene akulakwitsa. Uyenda bwanji m'kalasi imene phazi lilibe poponda? Ndimafika kwa a kutsogolo ndi a m'mbali mwa khoma. Apakati ndimawaona patali ngati munda wa eni.

Wa Sitandade 8 ku Thondwe: Ine pempho langa ndi limodzi: a sitandade 8 muwachotse pa roster. Timayamba kuphunzitsa 6 koloko ena asanasambe, timabwereranso masana, Loweruka tilipo, holide tilipo. Onjezani mock ya zoni, kulembetsa ana ku MANEB, kulondola mayina olakwika ndi masiku obadwa amene kholo likunena lina chaka chino lina chaka chamawa. Zotsatira za PSLCE, mayeso omaliza a pulayimale, zikatuluka zoipa, mudzi wonse umaloza ife. Ndiye tiziyang'aniranso matsache?

Madam a Sitandade 1: Zikatuluka zabwino mumalandira nkhuku ndi inu nomwe. Ife amene tinaphunzitsa mwanayo kugwira pensulo palibe amatikumbuka.

Wa Sitandade 8 ku Thondwe: Nkhuku yake iti madam kkkk. Chaka chatha ndinalandira mawu okha.

Wa Sitandade 5 ku Songani: A sitandade 8 mumagawana maphunziro, kalasi imodzi aphunzitsi atatu kapena anayi. Muli ndi mapiriyodi opuma amene ife sitiwadziwa. Duty ikuyenerani kuposa aliyense.

Deputy wa ku Chingale: Kwathu timawachotsa teremu yachitatu yokha, mayeso akayandikira. Akangolemba ana awo, iwo ndi amene amatenga duty masabata otsalawo, popeza alibenso kalasi.

Wa Sitandade 8 ku Thondwe: Zimenezo ndiye nkhanza zochita kukonzekera.

Kholo la ku Chinamwali: Pepani aphunzitsi, ine si mphunzitsi, ndinalowa muno chifukwa ndili mu komiti ya sukulu. Ndamva za kutopa kwanu ndipo ndikukumvetsani. Koma pali ntchito zina zimene mumazitcha duty pamene si za sukulu. Mwana wanga wamkazi ali sitandade 6. Teremu yatha anabwera kunyumba kope la masamu lopanda kanthu masiku atatu. Nditamufunsa anati piriyodi yoyamba amakhala akutunga madzi opita kunyumba kwa aphunzitsi ena, iye ndi anzake anayi, atsikana okhaokha. Sukulu sinditchula. Kusesa kalasi yawo, kutsuka chimbudzi chawo, zimenezo sindikana, ifenso tinakula choncho. Koma mtsuko wa pakhomo pa munthu?

Sir wa ku Matawale: Apa ndiye apakhomo ayankhe okha.

Madam a Sitandade 1: Musasangalale a Matawale. Mayi, zimenezo n'zolakwika ndipo sindiikira kumbuyo. Zimachitika, tisabise. Ena amatuma ana nkhuni, ena kukapalira kumunda kwawo n'kumati ndi phunziro la ulimi. Pitani kwa ahedi, mukapanda kuthandizidwa nkhaniyo ipite ku komiti, poti inu muli momwemo.

Agogo Opuma a ku Domasi: Mayi, mwachita bwino kunena. Lamulo langa linali lakuti ntchito ya manja ithe belu loyamba lisanalire, ndipo chibalo cha ochedwa chigwiridwe poweruka, osati nthawi ya phunziro. Mwana wachedwa mphindi khumi, inu n'kumupatsa dzenje lokumba mpaka buleki, ndiye kuti mwamuchedwetsa maola awiri ndinu. Chikwapu chinaletsedwa, ena anangosintha n'kuyamba kulanga ndi khasu. Komanso muzifunsa chimene wachedwera. Wina wachokera kutsidya kwa mtsinje, wina anayamba waperekeza ng'ombe, wina sanadye dzulo.

Kholo la ku Chinamwali: Zikomo bambo. Ndikawaona ahedi Lolemba.

Madam a ku Kachulu: Ndachedwa kulowa, network kuno kunyanja mukuidziwa. Aphunzitsi a ku Jali, pa roster yanuyo musiye mpata wa ntchito zimene sizidziwitsa kuti zikubwera. Kuno matemba akayamba kuphedwa ku Chilwa, anyamata a sitandade 5 ndi 6 amatha m'kalasi ngati awasesa. Nthawi yopirikitsa mbalame m'mpunga, chimodzimodzi. Rejisitala imangodzaza ndi zizindikiro za kujomba. Ndiye masana timayenda ndi amayi a mother group khomo ndi khomo, nthawi zina mpaka kwa amfumu. Lamulo la maphunziro la 2013 limati pulayimale ndi yokakamiza, koma kukakamizako amakachita ndani? Ndi mphunzitsi, wapansi, dzuwa lili pamutu. Mtsikana akabereka, ndondomeko yomulola kubwerera kusukulu ilipo kuyambira 1993, koma wokamunyengerera iye ndi makolo ake ndi ife ndi amayi aja.

Tsiku lina limene sindiliiwala ndi la mankhwala a likodzo. Alangizi a zaumoyo amabwera ndi mapiritsi, mwana amamuyeza msinkhu pa ndodo kuti adziwe amwa angati. Mankhwala aja amafuna m'mimba muli kanthu. Tinalengeza pa asembule masiku awiri kuti aliyense adye asanabwere, koma kunyumba kulibe chakudya adya chiyani? Pofika 11 koloko ana asanu ndi awiri ali gone pakhonde, chizungulire, ena akusanza. Uthenga unafika m'mudzi kuti aphunzitsi apha ana. Anabwera azibambo ndi mipini. Amene anaima pakhomo kuwafotokozera ndi ine, poti ndinali wa duty. Tinaphika phala la ufa wa ahedi, ana anadzuka, anthu anabalalika. Chaka chotsatira tinayamba ndi phala, mapiritsi pambuyo.

Wa Sitandade 5 ku Songani: Phala lenilenilo ndi duty payokha. Sukulu zimene zili ndi phala, pamafunika mphunzitsi wotsekula sitolo m'bandakucha, kuyeza ufa, kulemba matumba otuluka, kuona kuti amayi a mudzi umene uli pa ndandanda abwera ndi nkhuni. Thumba limodzi likasowa, dzina loipa ndi lake. Ameneyo musamuikenso pa roster ya belu.

Madam a ku Kachulu: Komanso matabuleti ophunzirira ana a pulogalamu ya BEFIT kumene afika, wina ayenera kuwatchaja ku sola, kuwawerenga potulutsa ndi pobweza. Ntchito zikungowonjezekera, anthu ndi omwewo. Nthawi ya namondwe Freddy, Malichi 2023, makalasi athu anasanduka kampu. Ife amene tinkalemba mayina a mabanja, kugawa zipinda, kulondera mabuku kuti asasanduke zoyatsira moto. Sukulu zitatsekulidwa tinayamba ndi kukolopa sabata yathunthu.

Sir wa ku Matawale: Poti tatchula MANEB, alipo wamva za mayina a ma invigilator, oyang'anira mayeso, chaka chino? Ena timangomva kuti anzathu apita kachitatu.

Admin: A Matawale, imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina, ikayamba imeneyo sitigona. Tithandize kaye aphunzitsi a ku Jali.

Deputy wa ku Chingale: Mfundo ina imene anthu amaiwala: Lachisanu. Madera athu ano ana ambiri ndi aphunzitsi ena amapita ku Juma. Musaike mphunzitsi wachisilamu kukhala wotseka sukulu Lachisanu, musinthanitseni ndi mnzake. A Seventh Day musawaike pa zochitika za Loweruka. Zing'onozing'ono zoterezi ndi zimene zimagwetsa roster. Ndipo musakaimate pachitseko musanaiwerenge pamsonkhano. Aliyense aone dzina lake, adandaule pomwepo, ahedi asayine pamaso pa onse. Ikatero si yanunso, ndi ya sukulu.

Agogo Opuma a ku Domasi: Ndipo dzina lanu likhale sabata yoyamba, mwana wanga. Sabata ya matope, udzu utakula holide yonse. Akakuonani ndi chikwakwa pamenepo, pakamwa pawo pachepa.

Mphunzitsi wa ku Jali: Ndakhala ndikulemba pamene mukukambirana. Zatuluka motere. Awiriawiri sabata iliyonse, wam'mawa ndi wamasana, monga anenera agogo. Atatu a m'mudzi aja ndawawerengera kwa apakhomo, ndiye apakhomo akhala 8, apamsewu 6. Ahedi ndawachotsa, a phala ndawachotsa. Madam a sitandade 1 ndi 2 ndawapatsa masana okha, popeza ana awo amaweruka msanga ndipo m'mawa amafunika m'kalasi. A sitandade 8 alipo teremu ino, za teremu yachitatu tidzakambirana. Ntchito ya manja ithe asembule isanayambe, chibalo poweruka, ndipo ndalemba pansi pake kuti mwana asatumidwe kunyumba kwa mphunzitsi. Mzere umenewu ndikudziwa amene akaukwiyire. Sabata yoyamba ndine ndi sir wina wa ku tawuni.

Wa Sitandade 8 ku Thondwe: Anzanga a sitandade 8 akwanuko ndawamvera chisoni.

Sir wa ku Matawale: Wa ku tawuniyo mumuuze agule jombo ndi pepala la pulasitiki lokutira makope. Kuchoka womaliza mu Januwale si masewera, mvula ya Zomba imadikira uli pakati pa njira.

Madam a Sitandade 1: Mwayesetsa aphunzitsi. Koma ndaona belu, ndaona bwalo, ndaona buleki, ndaona makiyi. Zimbudzi mwalemba kwa ndani, wam'mawa kapena wamasana?

Mphunzitsi wa ku Jali: Iii madam, ndaziiwala.

Madam a Sitandade 1: Aliyense amaziiwala mpaka tsiku limene a PEA apempha kukataya madzi. Lembani kwa onse awiri, wina aone m'mawa, wina poweruka.

Mphunzitsi wa ku Jali: Ndikufufuta ndiyambirenso. Batire latsala 4, mawa ndidzakuuzani m'mene msonkhano wathera.